Ulusi Polumikizira Chitoliro

Tsiku lachinayi ndili ndekha m'chipinda, chitoliro changa chinakana kutulutsa liwu lapansi.

Ndinali nditapezeka ndi Kovidi. Achemwali anga, amene ndinkakhala nawo ku Mirrabooka, kutsidya kwa nyanja, anandipatula m'chipinda chakumbuyo, chakudya n'kumandisiyira pakhomo. Chitolirocho chinali chachitsulo, chotalika ngati mkono, cha zigawo ziwiri zolowetsana. Amene anandipatsa ndi mzungu wina wachikulire yemwe tinkawotcherera naye zitsulo ku Maddington, tsiku limene ndinatsala pang'ono kumenya kapitawo. Anati ndikapsa mtima ndiziuzira mmenemo.

M'chipindamo chitoliro chinasanduka dokotala wanga. Liwu lapansi limafuna mpweya wautali, wodekha, mabowo onse atatsekedwa. Ndinadziuza kuti likamatuluka ndiye kuti mapapo akadali bwino, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaliyesa.

M'mawa umenewo kunangomveka kuti fuu. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinakumbukira amalume ku Lilongwe, amene anayamba kubanika kumayambiriro kwa sabata, pofika kumapeto tikuonera maliro awo pafoni. Chifuwa chinathina pompo.

"Achemwali! Itanani ambulansi, mpweya wandithera!"

"Wopanda mpweya amakuwa choncho, iwe?" anatero kuseri kwa chitseko. Koma ndinamva makiyi a galimoto akulira m'manja mwawo. "Werenga manambala mokweza osapuma."

Ndisanafike n'komwe pa khumi, ndinayamba kutsokomola.

Kenako achemwali anafunsa kuti, "Chinagunda khoma dzulo chija n'chiyani?"

Dzulo lake kapitawo uja anaimba foni kufunsa ngati ndikudwaladi, ine n'kuponya chimene chinali m'manja.

Ndinachiyang'anitsitsa chitolirocho. Polumikizira panali pakugwedera, kamphira kam'kati kataduka, chigawo chakumutu chikungosololoka chokha. Mwina mpweya unkathawira pamenepo. Mwina.

Nditawapempha, achemwali anasiya pakhomo ulusi wosokera ndi kandulo. Ndinakhuza ulusiwo pa kandulo kuti ugwire phula, n'kuyamba kukulunga, zala zikuterera ndi thukuta. Ndinachulutsa, chigawo chinakana kulowa. Mkono unakwera wokha kuti ndichiponyenso, koma ndinaubweza. Ndinamasulako mizere ingapo, ndipo chinalowa mothina, osagwederanso.

Apo ndi pamene mantha enieni anandigwira. Chitoliro chinali chitakonzeka. Liwu likanakananso, sindikanakhala n'chonamizira china koma mapapo anga. Ndinangochigwira, osachifikitsa pakamwa.

"Wamaliza?"

"Eya."

"Nanga ukudikira chiyani? Uzira. Likakana tikunyamuka pompano."

Ndinatseka mabowo limodzilimodzi, ndinakoka mpweya mmene ndikanathera, n'kuuzira pang'onopang'ono. Liwu linabwera, lalikulu, lakuya, mpaka chitsulo kunjenjemera pansi pa zala. Ndinalikoka mpaka chifuwa chinandidula.

Kunja ndinamva makiyi akugwera patebulo, kenako achemwali akukhala pansi, msana atatsamira chitseko.

"Lizanso," anatero. "Ndipo ukadzachiponyanso, ndidzalowa mmenemo ndi Kovidi yakoyo."