Malamba a Dengu la Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene mapewa a amayi anga anatsala pang'ono kutitulutsa m'nyumba. Amayi ankathyola tiyi pa esiteti ina kuseri kwa Chitakale, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani, ine, iwo ndi ang'ono anga awiri. Bambo anali atamwalira kale. Nyumbayo inali yathu chifukwa cha dengu limene amayi ankabereka kumsana, basi. Tsiku limene denguli likanatsika, ifenso tikanatuluka ndi mphasa zathu.

Amene sanaberekepo dengu amati masamba salemera. Akafunse! Tiyi wonyowa ndi mvula ya ku Mulanje amakoka msana mpaka munthu kuyenda chowerama. Malamba aliyense ankadzipezera yekha, ndipo ambiri ankapota zingwe za matumba a feteleza. Chingwe choterocho chikanyowa chimawonda n'kuyamba kudya mnofu. Amayi chinawadya mpaka mapewa onse awiri anachita zilonda. Madzulo ndinkawathowa ndi madzi amchere, iwo atakukuta mano, ine misozi ili chuchuchu.

Tsiku lina ndikuwapititsira chinangwa kumunda, ndinamva kapitawo akuwauza mofatsa kuti, "Mayi, ine ndilibe nanu chifukwa. Panopa n'chilimwe, ndikuikani kopalira kuti mupole. Koma mvula ikagwa, tiyi akaphuka, dengu lifuna msana. Mukadzalepheranso, mukudziwa kuti pali anthu akudikira nyumba ija."

Amayi anangoti, "Ndamva, bambo." Kupola akanapola, koma chingwe chomwecho chikanawatsegulanso zilonda mvula yoyamba.

Loweruka ndinalawirira kwa malume anga, a Mulipa, achimwene awo a amayi. Ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina pa Chitakale, koma ali mnyamata, kutsidya kwa malire, ankafufuta zikopa n'kupanga zingwe za ng'ombe zapangolo. Anali munthu wa pakamwa poyabwa, ndipo ine ndinatengera iwowo. Ndinawapempha kuti andiphunzitse kupanga malamba achikopa a dengu la amayi.

"Lamba wachikopa? Iwe Rozina?" anaseka mpaka kutsokomola. "Ine manja anayamba kunjenjemera, sindingapale chikopa. Pakamwa pokha ndiye ndili napo. Koma iwe ndimakudziwa, ndiwe waphuma. Suyembekeza ngakhale mbatata kuti ipse."

"Ndiyeseni, malume," ndinatero.

"Chabwino. Kapeze chikopa cha ng'ombe."

Ndinathamangira kwa a Che Amidu, amene ankapha ng'ombe kuseri kwa msika. Anandimvera chisoni n'kundidulira chidutswa chachikulu, chofewa bwino, chaulere. Ndinabwerera ndikudumphadumpha, ntchentche zikunditsatira. Malume anangoponda mbali imodzi, n'kundiuza kuti ndikoke inayo. Chikopa chija chinatamuka, chinatamukabe.

"Wabwera ndi mimba," anatero. "Mimba ya ng'ombe inazolowera kufutukuka ikakhuta. Lamba wa pamimba, dengu likalemera lidzafika m'matako mwa amako. Chikopa cha ntchito chili pamsana, pamene pamagwa mvula ndi dzuwa ng'ombe ili moyo. Bwerera."

Msana a Che Amidu sanafune kupereka chabe, chifukwa ukaudula chikopa chonse chimawonongeka. Tinapangana kuti ndiziwatungira madzi ndi kutsuka pophera ng'ombe Loweruka lililonse. Fungo lake, abale! Anzanga akusukulu anandipatsa dzina loti Nabutchala, ndipo pobwerera kunyumba agalu a m'njira ankandilondola. Koma pamapeto pake a Che Amidu anasunga mawu awo. Anandidulira mizere iwiri yaitali, mbali iyi ndi iyi ya msana, yokhuthala, yopanda mabala a nkhupakupa. Malume ataikoka anangogwedeza mutu. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamika kwakukulu.

Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo. Ndinaviika zikopazo m'madzi a phulusa mpaka ubweya unayamba kuzuka wokha. Ndinazipala ndi mpeni wobuntha nditaziyala pachipika, manja anga n'kuchita ming'alu. Nditazitsuka kumtsinje zinali zoyera mbee, ndipo apa m'pamene ndinayamba kulota. Pamsika pankagulitsidwa utoto wa zovala wa m'timapepala, ndipo ine ndinkafuna wofiira, kuti munda wonse uone kuti malamba amenewa ndi a mayi ake a Rozina.

Malume anakana kwamtuwagalu. "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Utoto umenewo umakhala pamwamba. Mvula ikagwa udzasungunuka n'kulowa m'zilonda za achemwali anga, chikopa n'kuwola mkati. Mtundu wa lamba uyenera kulowa mpaka pamtima, chifukwa chomupatsa mtunducho ndi chomwe chimamuletsa kuwola. Ndipo mankhwala ake amako amawaponda tsiku ndi tsiku."

Ankanena tiyi. Nyengo imeneyo kumunda ankadulira, ndipo masamba okhwima ankangotayidwa m'mizere. Ndinkawatola pochokera kusukulu, n'kuwaphatikiza ndi makungwa a mbawa amene ndinkasenda pa zipika za anthu ocheka matabwa. Zonsezo ndinkaziwiritsa mu mgolo wodula pakati mpaka madzi kuda bii. Akazizira ndinkamizamo zikopa zanga. M'mawa uliwonse ndinkazivundula ndi mtengo, madzi akasuluka n'kuwiritsa ena. Anansi ankandiseka kuti, "Rozina akuphikira ng'ombe tiyi! Shuga wathira?" Ine ndinkawayankha kuti adzamwa okha zikapsa.

Kenako mitambo inayamba kuunjikana paphiri. Kunja kwa zikopa kunali kutafiira bwino, kofiirira kwa tiyi wopanda mkaka, ndipo ine ndinati zapsa. Mvula yoyamba itagwa ndinazitengera kwa malume ndikuthamanga. Iwo anandipatsa mpeni wawo wodulira nsapato.

"Dula kunsongako uone wekha."

Ndinadula. M'mbali munali mofiirira, koma pakati penipeni panali kamzere koyera, kowonda ngati ulusi.

"N'kakang'ono, malume!"

"Kakang'ono, inde. Pamenepo m'pamene pakadali nyama yaiwisi, ndipo mvula imadziwa kupapeza. Ine sindikuletsa. Malamba ndi ako, amayi ndi ako."

Ndinapsa mtima, osati pang'ono. Tiyi anali atayamba kuphuka, ndipo kapitawo anali atanena kale kuti Lolemba aliyense abereke dengu. Ndinayenda njira yonse ndikulira, zikopa zikudontha m'manja. Nditafika kunyumba ndinalunjika pamgolo paja. Kenako ndinazibwezeramo, ndipo ndinawiritsa madzi ena akuda kuposa onse.

Amayi anapita kumunda ndi chingwe chakale chija, atakulunga nsanza pamapewa. Madzulo aliwonse ndinkachotsa nsanzazo mtima uli m'mwamba. Khungu latsopano linayamba kufiira, kenako phewa lakumanzere linang'ambika pang'ono. Ndinati nditenge malamba momwe alili, koma amayi anandigwira dzanja. "Wayamba bwino, mwanangu. Ine ndipirira. Usandipatse chinthu chosapsa."

Tsiku limene ndinadulanso nsonga n'kupeza mtundu umodzi kuchokera kunja mpaka mkati, ndinakuwa mpaka nkhuku za anansi zinabalalika. Ndinaumitsa zikopazo pamthunzi, n'kuzipaka mafuta a nsatsi. Ndinazikokera uku ndi uku panthambi ya mango mpaka zinafewa. Malume anandionetsa kuzidula motakata pamene pamakhala phewa, ndi kukwecha m'mphepete kuti musacheke. Kusoka ndinasoka ndekha, iwo akundinyoza kuti ndikusoka ngati ndikukwiyira ulusi.

Sabata yomweyo kunagwa mvula ija ya ku Mulanje, yosaona ndi phiri lomwe. Kusukulu anatiwerutsa msanga, ine n'kulunjika pasikelo pamene amayeza tiyi. Anthu ankatsika m'mizere atanyowa chiphwaphwa. Mayi wina chingwe chinamudukira panjira, masamba onse m'matope. Ena ankabwera atagwirira dengu ndi manja kumbuyo kuti lisawacheke. Ndiye ndinawaona amayi. Dengu lili tho, iwo akuyenda chilili, manja onse awiri ali pansi. Atatula, anatsegula pang'ono bulauzi n'kuonetsa anzawo phewa. Panalibe magazi. Panalibe ngakhale utoto pansalu.

"Malamba amenewa mwagula kuti, achemwali?" anafunsa mayi wina, mmodzi wa aja ankandifunsa za shuga.

"Sagulitsa," anatero amayi. Anandikodola pakati pa anthu onse aja. "Mmisiri wake ndi uyu."

Ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala kuti ndine wamkulu, ndinavina m'matope momwemo. Kapitawo anagwira lamba, kumupinda, kumununkhiza, n'kunena kuti, "Mayi, nkhani ya nyumba ija tiiwale." Mawa lake mgolo wanga unazingidwa ndi amayi a m'malayini, m'nyumba za kampani zija, aliyense akufunsa kuti makungwa amathira ochuluka bwanji.

Lero ndili ndi kashedi kanga pa Chonde, ndimapanga malamba a madengu, a katundu wa panjinga ndi a ng'ombe zapangolo. Makasitomala ena amafuna ofiira, owala, a lero lomwe. Ndimawapatsa mpeni kuti adule nsonga aone okha mkati. Zimene ndinaphunzira pamgolo uja n'zakuti chinthu chonyamula moyo wa munthu sichiyesedwa ndi maonekedwe, ndipo kudikira kuti chipse ndi ntchitonso, mwina yowawa kuposa kupala.

Amayi anathyola tiyi ndi malamba omwewo mpaka ife tonse tinatsiriza sukulu. Tsiku limene anapuma pantchito anauzidwa kuti abweze katundu wa kampani. Ndinawaperekeza. Anakhala pansi pakhomo la sitolo ya zipangizo, n'kuyamba kumasula malamba aja pang'onopang'ono, atada ndi thukuta koma osang'ambika paliponse. Wolandira katundu anati, "Mayi, siyani momwemo."

"Dengu ndi lanu, tengani," anatero amayi, akuwapinda n'kuwaika m'chitenje. "Awa ndi a mwana wanga."