Ndaviika chakudya cha mahatchi ngati mphale

Moni amayi ndi nonse kumudziko. Lero ntchito yanga yosamalira mahatchi kunja kuno ku Bradford inatsala pang'ono kutha.

Lolemba abwana anandipatsa thumba la zotsalira za biti, mbewu ya shuga ya kuno. Anati ndiziviika mahatchi asanadye, chifukwa zouma zimawatsamwitsa. Ine kungomva zoviika, maganizo anapita ku mphale. Ndinakhuthulira thumba lonse mumgolo wa madzi kuti likhale masiku atatu.

M'mawa uno tapeza zafufuma mpaka kukankha chivundikiro, khola lonse kununkha ngati pamowa wa masese. Abwana aseka mpaka kukhala pansi. Akuti zimafunika mphindi khumi zokha, uviike zodya tsikulo basi, zotsala zikhale pouma.

Ntchito ikadalipo. Koma amayi, poti munandiphunzitsa kuviika ndinu, mlanduwu ndi wanga kapena wanu?