Aphunzitsi a ku Marka ndi Chithunzi cha Ukwati

Aphunzitsi opuma a ku Marka sayenda opanda buku m'khwapa. Aliyense amene akumana naye amamuuza kuti awerenge mabuku onena kuti munthu wa lero si yemwe uja wa dzulo.

Chaka chatha kunyumba kwawo kunatulukira mayi wina wochokera ku Mozambiki, chithunzi cha ukwati wake ndi aphunzitsiwo chili m'manja. Aphunzitsi anachiyang'ana, thukuta lili kamukamu.

"Amene anakukwatiraniyo anali ine wakale," anatero. "Thupi limasintha, maganizonso. Bukuli likufotokoza bwino."

Akazi awo apakhomopo, mayi Febbie, anagwedeza mutu.

"Ndiye inenso sindikukudziwani, bambo. Mukakumana nawo amuna anga, muwauze kuti katundu wawo ali panja."

Mpaka lero aphunzitsi amagona kwa alongo awo, pamene amayi awiriwo amapitira limodzi kumsika.