Azakhali abwera ndi Yusufu ku hositelo

Salaam aleikum nonse.

Potuluka m'kalasi masana ano, ndapeza azakhali a ku Malindi atakhala pakhomo pa hositelo ndi mwana wawo Yusufu. Akuti kuyambira pamene bwato lawo linatembenuzika mnzake n'kumira, Yusufu sakulankhula, kunyanja sakupitanso.

Andigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe ukuphunzira za maganizo a anthu. Mchize msuweni wako."

Ine saikoloje ndangoyamba kumene, ngakhale makalasi ndimasocherabe.

Yusufu ndamupatsa madzi m'kapu. Wawayang'anitsitsa n'kuwaika pansi osamwa.

Mtima sukukhazikika. Ndafunsa aphunzitsi anga ndipo akuti Yusufu apite kuchipatala cha pa boma mawa, koma azakhali akukana, akuti anthu azimutcha wamisala.

Amalume, inuyo amakumverani. Muwaimbira foni, kapena titani?