Ndege ndi ngolo ku Lirangwe

Ndinanyamuka ku Chileka Loweruka m'mawa mtima uli m'mwamba. Achemwali anali ataimba foni kuti amuna awo atopa naye Tadala, mwana wawo wa Sitandade 3. Akuti mutu mulibe, ndiye asiye sukulu azilera khanda pakhomo. Ine ndinali nditangotha chaka chimodzi ku koleji ya zauphunzitsi, koma abale ankanditenga ngati dokotala wa mitu.

Ndinatsika pa Kameza n'kukwera minibasi ya ku Lirangwe. Kondakitala anati mtengo wakwera chifukwa cha mafuta, chonsecho galimotoyo inkayenda ngati yamwa phala. Pa Lunzu tinaima kudikira kuti idzaze, ndipo mayi wina wa dengu la tomato anandibenthulira chimanga chootcha. Atamva nkhani yanga anati, "Aphunzitsi, musadzivute. Wouma mutu amadziwika akadali kumsana." Ndinaseka, koma zinandiwawa.

Ku koleji amatiuza kuti mwana salakwa mwachisawawa. Yankho lolakwika limakhala ndi njira imene ladzera, choncho usanathethe, uyambe wamufunsa kuti waganiza bwanji. Kunena zoona, ndinali ndisanayesepo zimenezi pa mwana weniweni, ndipo ndinkaopa kukachita manyazi.

Pa Lirangwe ndinakwera kabaza, n'kufika pakhomo dzuwa lili paliwombo. Ndisanamwe n'komwe madzi, alamu anayamba.

"Mwanayu watichititsa manyazi, alamu. Pamayeso anamufunsa kuti chachikulu n'chiti, ndege kapena ngolo. Iye akuti ngolo! Mudzi wonse ukutiseka."

Tadala anali pakhonde, maso ali pansi. Ndinakhala naye pamphasa n'kumufunsa motsitsa mawu kuti anaganiza bwanji.

"Anti, ndege imadutsa pamwambapa," anatero. "Ndikatsinzina diso limodzi, imabisala kuseri kwa chala changa. Ngolo ndinayesanso, siibisala."

Ife a ku Chileka ndege timaiona itatera, anthu akutsika pamakwerero ngati nyerere. Sindinaganizepo kuti pali mwana amene amangoionera kumwamba basi.

"Alamu," ndinatero, "mwanayu sanalote. Anayeza ndi chala, n'kuyankha zimene maso ake anaona. Chimene akusowa n'kuiona ndege ili pansi."

Alamu anangonyamuka n'kukakhala pachitsa. Chakumadzulo titamva ndege ikulira m'mitambo, ndinawaona atatsinzina diso, chala chili m'mwamba.

"Iii, yabisaladi," anatero, osacheuka. Patapita kanthawi anawonjeza kuti, "Mayi a Tadala, yunifomu ija muchape."

Pobwerera m'mawa mwake ndinkangolingalira za ana onse amene amathethedwa popanda wowafunsa funso limodzi. Tadala anatsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa choti anaganiza.