Tsamba Loyera la Achimwene

Abale, webusaiti yanga ya zojambula ija yatha kukonzedwa! Tsopano ikutseguka msanga ngakhale pa foni, zilembo zake ndi zazikulu, ndipo batani loti munthu andipeze lili pamwamba penipeni. Koma nditafika posankha mtundu, dzanja linathamangira chikasu, ndipo ndinaseka ndekha mpaka misozi. Ndinakukumbukirani, malemu achimwene anga.

Mukukumbuka chaka cha chisankho chachiwiri cha zipani zambiri chija, intaneti itangofika kumene? Ndinakukokani kuchoka ku Zingwangwa pa minibasi kuti mukaone tsamba langa loyamba pa kompyuta ya pamalo olipiritsa intaneti m'tauni. Chithunzi changa chinkatsika pang'onopang'ono, kuyambira tsitsi, ndipo mphuno itaoneka munakuwa kuti, "Ndi mng'ono wanga ameneyo!" Anthu onse anatembenuka. Kenako munaona chikasu chili mbuu tsamba lonse, n'kugwira pakamwa. "Iwe, wayamba kampeni? Theka la Blantyre silikupatsanso ntchito!" Ndinasintha n'kuika buluu, inu mukuti, "Alinso ndi eni ake." Ndinayesa chobiriwira, inu mukuti, "Ayi, ndiye wationjeza!" Mitundu yonse inali itagawidwa ku zipani. Tinaseka mpaka mwini malo anabwera kudzatitontholetsa. Pomaliza munati, "Ika choyera basi, aliyense alowe momasuka ngati pakhomo pa amayi."

Achimwene, lero chithunzi changa chikutuluka nthawi imodzi, koma palibe wondikuwira. Chikasu chija ndachichotsa. Tsamba ndalisiya loyera, monga munanenera. Lowani.