Ndinakamusambitsa Nelito kudziwe la kuphiri

Moni nonse. Ndakhala ndikukubisirani: Loweruka sindinapite kumsonkhano wa tchalitchi. Ndinakwera chapa, minibasi ya ku Tsangano ija, nditabereka Nelito, poti chifuwa chake cha fumbi la malasha chija sichikumva mankhwala.

Mnzanga anandiuza za dziwe la pamwamba pa phiri, akuti mwana akasambamo amachira, bola osamupukuta. Ndinayenda m'nkhalango maola anayi osakumana ndi munthu. Madziwo kuzizira kwake ngati otuluka m'jeleira, m'firiji muja. Nditamuviika sanalire n'komwe, anangondiyang'ana milomo ikunjenjemera. Ndinatsika naye ali chinyowere.

Lero atigoneka kuchipatala kuno ku Tete, adotolo akuti ndi chibayo. Bambo a Nelito, muwerenga izi mukaweruka kumgodi, pamaso panu pakundikanika.

Amalume, azakhali, ndikanangokhala n'kumamuonerera akutsokomola? Ndiuzeni, ndinalakwa?